Pachulu

Jesinta, usanditche wansanje.
Ukachedwa kumsika ku Bangula
sindiganiza za mwamuna wina;
ndimaganiza za madzi.

Ndinali ndisanagweruke mano
usiku umene Ruo anasiya njira yake n'kulowa m'Makhanga.
Mayi anandibereka mpaka pachulu cha kuseri kwa khola,
nandikhazika pakati pa mbuzi ziwiri ndi thumba la mapira.
"Khala pompano, ndikatenge mlongo wako."
Ndinakhala.
Kunacha ndili pompo.
Denga la a Fombe linadutsa, tambala ali pamwamba.
Bwato linafika tsiku lachiwiri
ndipo ndinaluma dzanja la wopalasayo,
poti mayi anati pompano.

Kwa azakhali ku Tengani ndinaphunzira kuwerenga nkhope
monga asodzi awerengera mphepo:
kusesa asananene, kukhuta ndisanakhute,
kutsokomolera m'chikhatho usiku
kuopa kuti angakumbuke kuti ndilipo
n'kunditumiza kwina.

Lero ndili ndi ndevu, njinga ya kabaza, ndi iwe.
Koma dzulo ndakuimbira kasanu ndi kawiri
uli pamzere kuchigayo.
Ndinabweza kasitomala wopita ku Phokera
kuti ndiime pomwe basi imakutsitsa.
Ukatembenukira kukhoma chifukwa cha kutentha kwa Okutobala
ndimakhala tsonga m'neti mpaka mbandakucha
kusanthula chimene ndakulakwira.

Unanena, ukupala mamba a chambo osandiyang'ana:
"Zuze, ine ndine mkazi wako.
Sindine amene anakusiya."
Kenaka, motsitsa mawu: "Ukundimiza."

Ndikudziwa.
Womira sagwira mwaulemu,
amakola pakhosi pa yemwe wamulondola.
Zala zanga sizinamve kuti madzi anaphwa,
kuti pachulu paja anaumbapo njerwa,
kuti m'malo mwake mwamera mbatata zaka makumi awiri.

Mawa ukupita kwanu ku Ngabu kukaona odwala.
Pita. Kagone masiku awiri, atatu.
Foni ndiisiya m'thumba la jekete kuseri kwa chitseko,
ndipalasa mpaka thukuta litandichapa,
ndidyetsa nkhuku, ndigona pakati pa mphasa.
Sindikulonjeza kuti tulo tibwera.

Chimodzi chokha:
potuluka usanene kuti "ndikubwera pompano."
Nditchulire tsiku.
Ndipo pobwerera, ukafika pa mjigo paja,
uyambe kulankhula mokweza ndi aliyense,
ngakhale ndi mbuzi,
kuti mwana ali pachuluyo amve
n'kuyamba kutsika yekha.