Mneni Amabwera Kumapeto

Mayi Kruszewska anakanikiza batani.
M'sipika munatuluka mzimayi waliwiro,
mawu ake atalumikizana ngati mabogi a sitima,
ine chilili pa pulatifomu, pensulo m'manja,
kungowerenga mazenera akudutsa.
Ndinatola liwu limodzi lokha: Bahnhof.
Pa mafunso makumi awiri ndinakhoza asanu.

"Bogna, kuwerenga umatha," anatero,
"koma makutu ako ali patchuthi.
Mayeso ndi mu Meyi. Adzalankhula kawiri basi."

Kwathu ku Zgorzelec Chijeremani sichili patali.
Chili kutsidya kwa mtsinje wa Nysa,
kungowoloka mlatho wa oyenda pansi.
Amayi amawoloka m'mawa uliwonse
kukasamalira bambo Hentschel,
amene kale ankayendetsa tramu m'misewu ya Görlitz,
lero akukankhidwa pa mpando wa matayala.
Loweruka lina ndinawatsatira.

Mkuluyo salankhula ngati sipika.
Amameza mchira wa liwu lililonse,
mano awo ali m'tambula pawindo,
amakangana ndi wailesi,
amatukwana supu.
Tsiku loyamba ndinangomva kung'ung'udza,
firiji yakale pakati pa usiku.

Anandipatsa ntchito: manambala a lotale.
Wailesi izitchula, ine ndizilemba.
Koma anthu awa amawerenga chobwerera,
zinayi-ndi-makumi-atatu,
mwana patsogolo, kholo pambuyo.
Ndinalemba 43. Inali 34.
Bambo Hentschel anamenya tebulo:
akuti ndawadyera mamiliyoni,
akuti makutu angawa ndi zokoleka ndolo chabe.
Ndinaseka, ndisanazindikire n'komwe
kuti chipongwecho ndachimva chonse.

Chipale chofewa chinasungunuka pa mlatho.
Ndinaleka kuthamangitsa liwu lililonse
ngati galu wolondola njinga.
Likandipulumuka, lipite;
ukawerama kutola lomwe lagwa
awiri ena akudutsa pamutu.
Ndinayamba kutchera kaliwu kaja, nicht,
kochepa ngati munga wa nsomba,
ukakameza osakaona, yankho lonse lakutsamwa.
Ndipo ndinaphunzira kudikira.
Paja Mjeremani amakuyendetsa ulendo wonse,
dzulo, kumsika, ndi mlongo wake, mvula ili pamsana,
osakuuza chimene anachita,
mpaka kumapeto kwenikweni
mneni n'kutulukira, chipewa m'manja:
anagula. Anataya. Anaiwala.

Tsiku lina mu Epulo anazimitsa okha wailesi.
Analankhula nthawi yaitali, maso ali pawindo:
za akazi awo, Irmtraud,
za tramu yomaliza ya usiku,
mmene iwo ankaimira pa siteji
ndi khofi m'fulasiki yobiriwira,
zaka makumi atatu ndi zinayi.
Nambala iyi sindinaitembenuze.
Kukhitchini amayi anatseka mpopi.
Ndinakhala duu, kudikira mneni,
ndipo atafika
ndinalakalaka makutu aja a patchuthi.

Meyi. Holo ya masewera, madesiki m'mizere,
botolo la madzi, cholembera chakuda,
bondo la Kajetan likugwedeza mpando wanga.
Sipika inatsokomola.
Anatulukanso mzimayi uja wa Bahnhof,
koma lero mano onse ali m'kamwa,
akuyenda ngati wanyamula mazira.
Sitima ya ku Dresden yachedwa
ndi mphindi zisanu-ndi-makumi-awiri,
inyamukira pa pulatifomu ina.
Ndinalemba 25.
Funso lachisanu ndi chinayi linandizemba,
ndinalitsanzika, n'kukwera lotsatira.

Madzulo ndinawoloka mlatho kukawauza.
Ndinawapeza m'tulo, kukamwa yasa,
tikiti ya lotale ili pachifuwa,
wailesi ikudzilankhulira yokha
za nyengo ya usiku uno: mphepo ya kumpoto,
mvula ya apo ndi apo kum'mawa kwa dziko.
Palibe anandifunsa funso.
Palibe anabwereza kachiwiri.
Ndinanyamuka,
ndinasuntha tambula ya mano ija,
n'kutseka windo.