Lachitatu Ndi Tsiku la Mabini

Kuno ku Doncaster ndimawerenga masabata ndi zinyalala:
Lachitatu lino bini yakuda, Lachitatu linalo yabuluu.
Ukasokoneza amakusiyira pakhomo ili tho,
kapepala kofiira atamata pa chivundikiro
ngati kalata yoitana makolo kusukulu.

Ndimadzuka folo koloko, kunja kuli bii.
Choyamba si pemphero, Ambuye andikhululukire,
koma mita ya magetsi kunsi kwa masitepe.
Mwatsala mapaundi awiri ndi timakobiri.
Zione wa chipinda cham'mwamba
wasambanso madzi otentha ngati mwana wa nduna.
Ndangomuleka. Naye ali ndi ana atatu ku Mponela.

Basi ya kuno siidziwa mawu oti "dikirani".
Palibe kondakitala woti amenye chitseko
poona mayi akubwera wefuwefu.
Dalaivala amakuona bwinobwino pagalasi,
n'kunyamuka mwaulemu.

Mayi Maureen ali ndi zaka 87.
Ndimawasambitsa, kuwadzoza mafuta m'miyendo,
tiyi wa mkaka pang'ono, shuga ayi.
Mwandida linawakanika, amati Mandy.
Ndinavomera, dzina si sopo kuti lingathe.
Theka la ola likakwana foni imalira: khomo lina.
Ndimawasiya nkhani ya malemu amuna awo ili pakati.
Amayi anga ku Kasinje
akusambitsidwa ndi mdzukulu wa sitandade sikisi.

Khoma la kuchipinda lachita chuku.
Ndinauza alandilodi, anati muzitsegula zenera.
Mu Januwale!
Yunifomu ndimayanika pa hita, masokosi pampando,
dzuwa la kuno ndi mlendo wosavula nsapato.

Chifuwa chikavuta umaimba foni eyiti koloko,
makina n'kukuuza kuti ndiwe wa nambala 23.
Mzere wosaoneka, wopanda benchi,
wopanda mnzako womufunsa kuti "inu chavuta n'chiyani?"

Malipiro amafika Lachisanu lomaliza
atalumidwa kale ndi msonkho.
Lendi iluma, khonsolo iluma, basi iluma,
chotsala ndi fupa.
Pamenepo uthenga wa Lonjezo:
"Achemwali, fetereza wakweranso."
Kwathu masamu a paundi amawadziwa mbali imodzi,
kuchulukitsa amakhoza,
kuchotsera anajomba tsiku limenelo.
Ndimatumizabe.

Chilolezo chokhalira kuno chili m'manja mwa abwana,
ndiye nthabwala zawo ndimaseka ndithu,
ngakhale ija ya nyengo, kachisanu sabata ino.
Ndinalira mvula ine. Matope ake ndi awa,
ndipo mvulayo ya kuno siinunkhira dothi.

Tsiku lina ndinakazinga usipa wa m'sutikesi,
belu la utsi linalira nyumba yonse,
ine ndi Zione tikulikupiza ndi zitenje,
kuseka mpaka misozi,
kenaka misozi yokha.

Lero Lachiwiri usiku.
Ndakoka bini yabuluu kupita nayo kumsewu,
matayala ake gudugudu pa simenti yonyowa.
Chaka chatha ndinkasuzumira pakatani
kuti ndione imene atulutse a nyumba yoyang'anana nayo.
Tsopano pa nambala 14 katani yagwedera:
mnyamata wobwera sabata yatha, wa jekete lopyapyala lija,
akusuzumira ine.
Ndaimika bini pansi pa nyali ya mumsewu
kuti aione bwino mtundu wake.