Kubweza Chifuwa

Kuseri kwa msika wa Kapata,
kumene amagulitsa malata akale ndi mabawuti adzimbiri,
ndimawotcherera zitsulo.
Khutu lamanzere linafa kalekale ndi hamala.
Lamanjali ndi limene limandidyetsa.

Anyamata a njinga zamoto amabwera masana,
girisi m'zikhadabo, ndalama m'sokosi.
A Mvula, amatero, ichotseni chimfine njingayi,
ndikanyamuka kuno a ku Nabvutika azidziwa.
Ndimang'amba mimba ya ekizozi,
ndimazula kasefa kamene kamameza phokoso,
kapena ndimamanga paipi yasiliva yochokera ku Lusaka.
Akaponda kiki,
phiri la Kanjala limawayankha.
Amalipira akumwetulira.
Agalu a mzere wonse uno amandida.

Lotani Sakala anabwera atagulitsa soya wake.
Njinga yake inali ndi chifuwa,
mng'alu waung'ono kunsi kwa paipi,
inkalira phwe-phwe-trrr
ngati munthu woseka ali ndi nshawa m'kamwa.
Anzake pa siteji ankamugeya nayo.
Ndinamuikira yonyezimira, yakukamwa kwakukulu.
Yakaleyo ndinaponya pa mulu,
Lachitatu ogula zitsulo anaiyeza pa sikelo, n'kupita nayo.

Sabata isanathe, si uyu akubwera,
injini yozima, akukankha,
pa thanki pali kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi,
maso oyera mbuu ngati madzi otsukira mpunga.
Dzina lake Tikambenji.

Mundibwezere yakale ija.
Mwanayu ankandidziwa ndisanakhote pa mjigo.
Njinga makumi angati zimadutsa ku Mchini madzulo,
iye ali phee pakhonde,
koma yanga ikatsokomola ndinkamupeza pa geti.
Lero tonse tikulira mofanana.
Dzana anathamangira mlendo.
Dzulo ndafika ine, wabisala kuseri kwa chitseko.

Zaka makumi awiri ndakhala ndikutseka mabowo.
Ndani anandiphunzitsa kupanga mng'alu?

Ndinafukula paipi ina pa mulu,
ya njinga imene inagwa pa msewu wa ku Chadiza,
ndinaimanga, ndinatenga msomali wa mainchesi anayi.
Bowo loyamba. Kiki.
Mwana anapendeketsa mutu.
Iyayi, awa ndi a Jere a mazira.
Ndinakulitsa ndi tchizulo. Kiki.
Awa sindiwadziwa.
Kachitatu anatseka makutu.
Kachinayi anaseka, ati mbuzi yameza pulasitiki.

Anyamata anasonkhana,
wina ananena zachipongwe, palibe anamuthandiza kuseka.
Mayi wa vitumbuwa anasiya mafuta akupsa pa mbaula.
Ndodo zowotcherera zinatsala ziwiri,
magetsi ankathima sikisi, tonse tinkadziwa.
Ndinafunsa Lotani: yakale ija inavulala bwanji?
Mwala, akuti, pa kamlatho ka kwa apongozi, chaka cha mvula yambiri.
Ndinatseka theka la bowo,
ndinamasula bawuti imodzi pang'ono kuti izinjenjemera,
ndinatola mwala weniweni pansi
n'kumenya kamodzi kunsi kwake.

Kiki.
Phwe-phwe-trrr.

Anatsetsereka pa benchi osanena kanthu,
manja patsogolo, osaphonya njira,
ine ndikutchinga paipi yotentha ndi mwendo wanga.
Anagwira bondo la atate ake.
Ndi iwo, anatero,
koma akumveka ngati atopa.

Lotani anayang'ana kumbali, ku malata.

Ndinamulipiritsa ndodo zokha ndi msomali wopindika.
Paipi yasiliva ndinaipukuta, ili pa khoma,
mawa wina adzaifuna, amafuna tsiku lililonse.
Ananyamuka magetsi atangothima.
Ndinatembenuzira khutu lamoyo ku msewu,
minibasi, mahutala, wolalikira wa pa kona,
njinga zanga zonse zimene ndinaziphunzitsa kubangula,
ndipo pansi pa zonsezo
kachifuwa kaja, kakupita ku Mchini,
ndinakatsatira mpaka pa mapampu a petulo.