Usiku Wotsiriza wa Nambala Seveni

Ili fili koloko usiku ku Le Mans,
mvula ya mu Juni yangokata kumene,
ndipo ine Gaëtan Lebreton, mwini tayala lakutsogolo kumanzere,
ndakhala pa bokosi la masipanala
kudikira Nambala Seveni kuti ibwere idzamwe.

Ili uko mumdima wa Mulsanne,
yafwamphuka, mimba ikukhula phula,
yopanda mpando wa mlendo, yopanda poika chikwama.
Palibe adzaigule.
Sitinaipangire msika ayi.
Tinapanga zitatu zokha,
ina inapsa mu Malichi ife tikuonerera.

Kalata inafika Lachiwiri.
Akuluakulu a kampani, amene sanagwirepo tayala lamoto,
anakhala pansanjika yakhumi, mawindo otseka,
nawerengetsera kuti sekondi iliyonse imene timadula
imadya malipiro a anthu makumi anayi.
Akuti chaka chamawa sitibweranso.
Akuti ndalama zipite ku mabatire.
Anasayina ndi inki yobiriwira, anatithokozanso.

Kuseri kwa khoma ili kuli garaja ya ma GT.
Mwana wanga Maëlle ali kumeneko, mahedifoni kumutu.
Galimoto yawo ili ndi nkhope yodziwika,
mlongo wake amaima m'sitolo ku Paris, mtengo uli pagalasi.
Woyendetsa wachitatu ndi dokotala wa mano wa ku Lyon
amene analipira yekha mpando wake,
amaopa ngodya ya Arnage, koma cheke chake sichibwerera.

Dzulo tikudya buledi ndi tchizi pa masitepe
Maëlle anandiuza osandiyang'ana:
"Bambo, yathu imadzidyetsa yokha.
Fakitale imatigulitsa chitseko, injini, ngakhale bawuti.
Yanu ija imangodya."
Ndinafuna kuyankha kuti zimene yathu imaphunzira usiku
zidzafika pa galimoto ya mayi ake zaka khumi zikubwerazi,
mwakachetechete, m'mabuleki, m'nyali.
Koma ndinangotafuna.
Mwanayo sananame.

Zaka makumi atatu ndili pano
ndaona makampani atatu akupakira katundu m'malole.
Awiri anabwerera malamulo atasintha,
ndi utoto wina, ndi anyamata ena,
akulankhula ngati sanachokepo.
Kampani imapita n'kubwera.
Mawondo a makaniki akapita apita.

Wayilesi yakhosomola: ikulowa!
Tadzuka tonse.
Iyo phaa, yaima pamzere, ikununkha mphira ndi mvula,
mabuleki ali psuu ngati makala.
Mafuta kaye. Tidikire. Tidikire.
Tsopano!
Mfuti yanga yalira, nati yatuluka, tayala lachoka,
lina lalowa, gwa,
dzanja m'mwamba.
Ndaona maso a Ingrid m'chipewa chake, ofiira, osaphethira.
Kenako utsi basi.

Pa sikirini ndikuiona ikupeza galimoto ya Maëlle pangodya.
Yaphethira nyali kawiri.
Dokotala wa mano wapatuka mwaulemu, mochedwa pang'ono,
ndipo kwa kamphindi zayenda limodzi,
yogulitsa ndi yosagulitsa,
madzi a m'matayala awo akusakanikirana m'mwamba.

Sindikudziwa kuti mpikisano uwu udzakhala wa yani.
Kaya wa maloto a mainjiniya,
kaya wa anthu olemera ogula liwiro m'sitolo.
Mwina usiku umafuna zonse ziwiri,
wina wothamangitsa, wina wopatuka.
Achinyamata ali pa udzu uko, m'matenti onyowa,
sanabwere kudzawerenga mabuku a ndalama.

Kum'mawa kwayamba kuyera pamwamba pa mitengo ya paini.
Kwatsala maola khumi ndi limodzi.
Maëlle wasuzumira pakhoma, makapu awiri a khofi m'manja.
"Kwathu akufuna munthu wa matayala," akutero.
Ndalandira kapu.
Sindinavomere, sindinakane.
Seveni ikudutsanso, ndipo mawu ake
ndikuwamvera m'mano.