Filimu ya Ndaziona

Nyumba yathu ya ku Hanley imalira yokha usiku,
mapaipi kukhosomola, masitepe kudandaula.
Ndiye Ndaziona anati, Amayi, mzukwa tili nawo kale,
chasowa ndi kamera basi.

Kamerayo inali foni yanga yong'aluka pakona,
yomatidwa ndi selotepi kumtengo wa mopu.
Chuma chonse cha filimu: mapaundi khumi ndi awiri,
atatu mwa iwo n'kuthera tchipisi.

Magazi tinaphika Loweruka masana:
madzi a bitiruti, uchi wotchipa, supuni ya koko.
Mlongo wake, Tilinao, ananyambita poto mpaka kuwala
bala la pakhosi lisanajambulidwe n'komwe.
Nkhungu tinaipempha kwa ketulo
mpaka alamu ya moto inakwiya,
ife kalikiliki kuikupiza ndi thaulo.

Mzukwa anali Tilinao yemweyo,
fulawa kumaso, nsalu ya pabedi panga kumutu,
yamaluwa achikasu.
Mzukwa wanji woyetsemula,
wofunsa ngati tidya nthawi yanji?

Ine anandipatsa kambali kochepa.
Mutsike kuchipinda chapansi ndi tochi,
mukankhe chitseko, mukuwe. Basi.

Ndinakuwa.
Amayi, mwakuwa ngati mwaona mphemvu.
Ndinakuwanso.
Apa ngati mukuitana basi yokusiyani.

Mwana sadziwa kuti zaka zisanu ndi zinayi
ndakhala ndikupinda mawu anga ngati zovala.
Makoma akuno ndi opyapyala.
Kuntchito okalamba amagona msanga,
ndimayenda m'makhonde ndi nsapato zosalankhula,
mzukwa weniweni, wolipidwa pa ola.

Ulendo wachisanu ndi chimodzi
chitseko chinatseguka, ndipo kunabwera fungo,
dothi lonyowa.
Mwadzidzidzi ndi Febuluwale,
ndili m'chimbudzi cha kuntchito, foni yomweyi m'manja,
netiweki ikudukaduka,
bokosi la achimwene Lingstone likutsika pa zingwe,
chithunzi n'kuima
khasu lili m'mwamba.
Tsiku limenelo ndinaluma mkono wa juzi,
ndinasukusula,
ndinapita kukatembenuza Bambo Hollins pabedi
ndikuwafunsa ngati akufuna tiyi.

Mfuu umene ndinameza uja
kani sunapite kulikonse.
Unangokhala pansi pa nthiti, kudikira chitseko.

Unatuluka wonse.
Unakwera masitepe, unadzaza khitchini,
unagwedeza mabotolo a mkaka pakhomo.

Ndaziona anaiwala kuzimitsa foni.
Mzukwa unavula nsalu yamaluwa,
unandigwira dzanja,
fulawa akuyoyokera pa masokosi anga.

Kenako go! go! go!
Mayi Pargeter a khomo linalo,
gauni, masilipasi, chiwaya m'manja mokonzekera nkhondo.
Anaona magazi m'sinki, mwana wotuwa mbuu,
ine ndili pansi pa sitepe yomaliza.
Tinafotokoza tonse atatu nthawi imodzi.
Anatsitsa chiwaya, anakhala pafupi nane pozizirapo,
osafunsa kanthu.

Lamulungu anabweranso, atadzola milomo,
kudzasewera mtembo.
Anagona pa kapeti mphindi makumi awiri osaphethira,
podzuka akuti msana wawo sunamvepo bwino chonchi.

Filimu yonse ndi mphindi khumi ndi imodzi.
Mopu ikuoneka pagalasi kawiri.
Mtembo ukupuma, ukayang'anitsitsa.
Pofika pachitseko paja Ndaziona anaimitsa,
osandiyang'ana: Tichotse pamenepa?
Ndinati siya.
Koma kumapeto, pamene mayina amakwera,
polemba mwini mawu
ulembe Lingstone.

Taionera kanayi tsopano, magetsi ozimitsa,
Mayi Pargeter akubisa nkhope pa mtembo wawo womwe.
Palibe amadya chimanga chokazinga ikafika mphindi yachisanu ndi chinayi.

Bitiruti wakana kuchoka pa kapeti,
tayesa mchere, tayesa viniga.
Mwini nyumba akubwera Lachinayi,
ndipo ameneyo ndiye tikumuopa tonse.