Mtsuko wa Kaputeni

Lachitatu lililonse ndimaupukuta,
mtsuko wadothi wa pashelefu yapamwamba
m'sitolo ya zakale ya a Pretorius ku Parkhurst.
Pamimba pake pali nkhope ya munthu:
ndevu zosepa bwino, chipewa cha pasitima,
mabatani asanu, limodzi linafufutika.
M'munsi analembamo dzina, Kaputeni Aldersey,
ndi chaka chimene agogo anali asanabadwe.

Akuti anabadwira konkuno, msewu wakuseriku,
mumzinda wopanda nyanja,
wa milu ya mchenga wa m'migodi.
Madzi anakawadziwira kuti?
Akuti sitima itabooledwa usiku
anakana kutsika mpaka womaliza atakwera bwato.
Akuti. Dothi silitsutsa.

Ine ndimayang'ana kumbuyo kwake,
kumene woumba anajambula tianthu tinayi
tikupalasa m'mafunde obiriwira.
Tilibe maina.
Kamodzi mng'alu unakadutsa pakhosi.
Ndinakatcha Chikaonda, msuweni wanga
amene Limpopo anatilanda tikubwera ku Joni,
chikwama chili pamutu.
Iyeyo palibe anamuumbira
ngakhale kambale.

Dzulo mayi wina wamagalasi anaunyamula,
kuugogoda ndi chikhadabo, kutchera khutu.
Anafunsa mtengo. Marandi zikwi zinayi,
thukuta langa la mwezi wathunthu.
Ataona mng'alu anakwinya mphuno, naubweza.

Mtima unakhala m'malo.

Madzulo, abwana akuwerenga ndalama,
ndinautembenuza mwakachetechete.
Kaputeni ayambe wayang'ana khoma usiku uno,
opalasa aoneko magetsi a mumsewu
ndi mvula ikutsikira pagalasi.