Wa Chopela Satchulidwa

Lero ndaimika msanga.
Chopela changa chili pansi pa msawu, injini ikadali yamoto,
ine ndili pabenchi m'baraka ya Donasiyano ku Matundo,
thukuta likutsikira m'lamba,
maso pa kanema wopachikidwa pamwamba pa filiji.

Ku India akugawa mphoto.
Amatero kamodzi pachaka:
amayi ovala nsalu zonyezimira ngati mamba a pende,
abambo a ndevu zoyezedwa ndi rula,
aliyense akaitanidwa amagwira pamtima,
kudabwa ngati sanadziwe,
kenaka kupsompsona kafano kachitsulo.

Chihindi sindichimva.
Felizarda ndiye amatimasulira,
anagulitsa nsalu zaka zisanu ndi ziwiri
m'sitolo ya amwenye pafupi ndi msika wa Kwachena.
Uyu akuthokoza mayi ake, akutero.
Uyu akuthokoza Mulungu ndi womupaka ufa kumaso.
Uyu akuti nsapato yamuthina.
Zina amangopeka, tikudziwa,
koma ndani angamutsutse?

Ine ndikudikira munthu mmodzi.

Mwezi wa mvula ndinaonera filimu ina m'chisakasa cha ana,
mametikali asanu pakhomo.
Mtsikana anathawa ukwati, golide mpaka pamphuno,
nalumphira m'chopela.
Chopela ndithu! Miyendo itatu ngati changa,
galasi lakumanzere lomangidwa ndi mphira ngati langa.
Woyendetsayo nkhope sitinaione,
tinangoona nkhongo yopsa ndi dzuwa
ndi kathaulo paphewa.
Anapyola pakati pa ng'ombe ndi mabasi,
madzi m'mawondo,
nakamutsitsa pasiteshoni sitima ili pafupi kunyamuka.
Mtsikana uja sanalipire.
Ndinabwerako kachiwiri kuti nditsimikize:
sanalipire.
Nyimbo inangoyamba basi.

Ndiye uyo, wamuitana.
Akukwera masitepe atagwira nsalu m'manja,
misozi ikutsika mwaulemu, osaononga utoto.
Felizarda wayamba kuwerenga:
bambo ake, aphunzitsi ake, wosoka zovala,
mwamuna amene anavina naye paphiri,
ngakhale galu wake.

Nanga wa chopela? ndafunsa.
Wamutchula?

Baraka yonse gwa! kuseka.
Mkulu wina wa kumgodi wa malasha ku Moatize
watsamwa ndi mowa mpaka kumumenya pamsana.

Pomwepo magetsi thi.
Mayuniti atha, India yense walowa mumdima,
tatsala ife ndi udzudzu wa m'Zambezi.

Donasiyano wayatsa tochi ya foni
nadziunika pachibwano.
Amayi ndi abambo, akutero, mphoto yotsatira
ndi ya munthu amene sabata yatha, tambala asanalire,
anawolotsa mlamu wanga pamlatho
mwana ali pakhomo potulukira,
wapolisi akuimika, iye osaima.
Zakeyu Fulujensiyo, bwera kuno!

Manja awomba mumdima,
wina akuimba mluzu, wina akugogoda kireti.
Ndaimirira, ndagwira pamtima ngati aja,
ndadabwa ngati sindinadziwe.
Mphoto yake botolo lozizira
ndi kanyama ka mbuzi pa waya wa sipoko.

Ndithokoze yani?
Ndathokoza makanika wa ku Chingodzi
amene amandidikira mpaka kutha kwa mwezi.
Ndathokoza tayala lakumbuyo, losalala ngati chipumi,
chifukwa silinaphulike usiku umenewo.
Ndathokozanso mnzanga wa kutsidya kwa nyanja,
wa kathaulo paphewa,
amene mpaka lero akudikira ndalama yake pasiteshoni.

Ndili mkati momwa
ndamva bolopeni ikukanda m'kope:
Donasiyano walemba botololo pangongole yanga.

Foni yalira. Munthu akufuna kuwoloka.
Ndapukuta mpando, ndaliza injini,
mayi wina wakwera ndi thumba la malambe,
sanandiyang'ane kumaso.
Pamlatho mphepo ikununkha matope ndi dizilo,
nyali za mzinda zikuvina m'madzi popanda nyimbo,
ndipo iye, kumbuyoko,
akuonera nkhongo yanga mpaka kutsidya.